M'bawa wa agogo wagwetsedwa: mtengo wa m'munda mwathu mwini wake ndani?

MwanaWaKuMitundu
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Kwathu ndi kuseri kwa Mitundu koma ndimakhala ku Kawale. M'munda mwa amayi anga muli mibawa iwiri imene agogo aamuna anabzala nthawi ya Kamuzu, anthu akulandira mbande pa tsiku lobzala mitengo. Tonse takulira pansi pake. Pokolola timaunjika chimanga pamenepo, ndipo amayi khasu likawalemera ndi pomwe amakhala n'kumamwa thobwa.

Lachiwiri lapitali amalume anabwera ndi anyamata awiri a makina ochekera, osawauza amayi. Iwo akuchokera kuchigayo anangomva makina akulira, pofika apo umodzi uli kale pansi, nthambi zitaphwanya mizere ya mbatata. Akuti anagulitsa yonse iwiri pa K300,000 ndipo theka analandiriratu. Amayi anakuwa, a komiti ya zachilengedwe anathamangira n'kuimitsa ntchito, zipika zimene zinali zitadulidwa anazitengera kwa anyakwawa pa ngolo. Mlandu uli Loweruka.

Amalume akuti iwo ndi mwinimbumba ndipo mitengo ndi ya bambo awo. Amayi akuti munda ndi wawo. A komiti akuti m'bawa sudulidwa popanda chilolezo ngakhale uli pakhomo pako. Ndiye komiti ikulowa bwanji m'munda mwathu? Nanga lamulo likuti mwini wake ndani?

Kabaza_Chinsapo
Mtengo uli m'munda mwanu, komiti ikufunapo chiyani? Anthu amenewa amangofuna mbuzi ya chindapusa basi.

MayiWaKomiti
A Kabaza, musatinyoze chonchi. Ine ndili mu komiti ya kwathu chaka chachisanu ndi chimodzi, sindinalandirepo ngakhale sopo. Timadzuka m'bandakucha kukalambula malire a nkhalango kuti moto usalowe, timadana ndi abale athu enieni chifukwa chowalanda nkhwangwa. Akanapanda kuthamanga a komitiwo, bwenzi pano mibawa yonse iwiri ili pa lole.

Nachisale_36
Pepani achimwene. Ine chikundiwawa ndi choti sanawauze amayi. Ngakhale akanakhala ndi zikalata zonse za boma, kulowa m'munda mwa mlongo wako ndi makina iye ali kuchigayo ndi chipongwe.

MlangiziWopuma
Achimwene a ku Mitundu, mwaphatikiza mafunso atatu m'thumba limodzi, tiyeni tiwalekanitse. Ndagwira ntchito ya ulangizi wa za nkhalango mpaka kupuma, milandu yotere ndaimva pansi pa kachere kambirimbiri.

Loyamba ndi umwini. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limati munthu amene wateteza mtengo, kaya wochita kubzala kaya womera wokha, pa malo amene ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, mtengowo ndi wake. Ndiye pabwalo musakataye nthawi ndi kukangana kuti anabzala ndi bambo a ndani, poti onse awiri ndi ana a malemuwo. Funso ndi lakuti mundawo akulima ndani, ndipo wakhala akupalira kuti lupsa lisawaule mitengoyo ndani. Ngati ndi amayi anu, mawu awo ndi amene ali ndi mphamvu.

Lachiwiri, kukhala mwini sikukupatsa ufulu wodula tsiku lililonse limene wafuna. M'bawa uli m'gulu la mitengo yotetezedwa pamodzi ndi mlombwa, msambamfumu, tsanya, naphini ndi ina. Umayamba wapita kwa mlangizi wa za nkhalango, iye amabwera kudzauona, kenaka chilolezo chimachokera ku ofesi ya za nkhalango ya boma lanu. Wocheka matabwa ogulitsa nayenso amayenera kukhala ndi chiphaso chake, ndipo matabwa akamakwera galimoto amafuna chikalata choyendera. Anyamata awiriwo akafunsidwe mapepala awo. Ndikukhulupirira kuti pamenepo ndi pamene pagona mlandu waukulu, osati pa amalume okha.

Lachitatu ndi komiti. Mphamvu yake yeniyeni, monga yolanda zinthu zodulidwa mosatsata malamulo, ili pa nkhalango ya m'mudzi, ija imene anyakwawa anapatula mogwirizana ndi a za nkhalango. Pa mitengo ya m'minda komiti imayendera malamulo amene mudzi unagwirizana. Muli ndi ufulu wopempha kuti akuwerengereni malamulowo pabwalo. Koma kuimitsa makina n'kuitana mlangizi, pamenepo sanalakwe.

MwanaWaKuMitundu
Zikomo kwambiri bambo. Munda amayi akhala akulima kuyambira ine ndisanabadwe. Amalume ali kuchikamwini mudzi wina, amangobwera pa maliro ndi pa zinkhoswe.

GogoWaPaNsundwe
Mwana wanga, tamvera. Atsibweni ako ndi mwinimbumba, zoona, koma umwinimbumba ndi kuyang'anira, si kugulitsa. Mwinimbumba ndi amene amaima pabwalo kuteteza munda wa alongo ake anthu ena akafuna kulanda. Ndiye lero yemweyo akhale wobweretsa makina? Komanso ganiza bwino. Agogo ako aamunawo anali mkamwini pamudzipo. Akamwini ambiri sankabzala mitengo yokhalitsa, ankati ukwati ukatha ndidzaisiyira ndani. Iwo anabzala m'bawa, mtengo woti sadzaudyerera, pa nthaka ya akazi awo. Ankadziwa kuti akusiyira ana aakazi ndi zidzukulu. Ukanene zimenezi pabwalo, koma mwaulemu, usakawaloze chala atsibweni ako.

Mmisiri_Mchesi
Ine ndine kalipentala, ndilankhule mbali yanga. M'bawa ndi thabwa labwino, lofiirira, silivuta kupala, ndipo chitseko chake chimakhalitsa. Mtengo waukulu chonchi ukachekedwa bwino umatulutsa matabwa a ndalama zoposa kutali zimene amalumewo analandira. Anawadyera masuku pamutu.

Koma a Mlangizi, pali chimene sindigwirizana nacho. Munthu wabzala yekha m'bawa, wausamala zaka makumi anayi, pofuna kudula mukuti akapemphe kuboma. Mapeto ake anthu amati bola bulugamu ndi malaina, poti palibe amene adzandifunse. Lamulo lomwe likuti likuteteza m'bawa ndi lomwenso likuchititsa kuti anthu asaubzale.

MlangiziWopuma
A Mmisiri, dandaulo lanu ndi lomveka ndipo ndalimva kwa alimi ambiri. Koma taganizani, thabwa la m'bawa likafika pa shedi yanu, mungadziwe bwanji kuti lachokera m'munda mwa munthu kapena m'mphepete mwa mtsinje mu Dzalanyama? Thabwa silinena kwawo. Chikalata chija ndi chimene chimasiyanitsa mwini mtengo ndi wakuba. Chofunika kukonza ndi choti mlangizi azifika msanga munthu akamuitana, osati kuchotsa chilolezo.

Mmisiri_Mchesi
Azifika msanga pa chiyani, njinga yake ilibe ndi matayala omwe? Munthu ali ndi wodwala kuchipatala sangadikire milungu itatu.

WaKuMalingunde
Mwatchula Dzalanyama, ndiye ndilowepo. Ife tili kufupi, timaona ndi maso. Mtsinje wa Lilongwe umachokera mmenemo, ndi umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu, madzi amene inu a m'tauni mumatsegula pa mpopi. Mu 2015 boma linachita kutumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo chifukwa makala anali atafika poipa. Koma mpaka lero mukadzuka usiku mudzaona njinga zili mndandanda, iliyonse matumba atatu kapena anayi, kulowera ku Likuni ndi ku Chinsapo. Wokankha njingayo thukuta lili kamukamu, phazi lili long'ambika, ndipo akagwidwa ndi iyeyo amene amalowa m'ndende. Wogula ali phee ku Area 47 akuphika nyemba.

Kabaza_Chinsapo
Ndiye tiziphikira chiyani? Magetsi kwathu kulibe, gasi ndi wodula. Musamatinene ngati timagula makala chifukwa chokonda.

WaKuMalingunde
Sindikukunenani inu a Kabaza, tonse tili m'madzi amodzi. Ndikunena kuti chilango chimagwera wosauka yekha. Chikonzereni lamulo mu 2020 zilango zinakwera kwambiri, kuotcha kapena kugulitsa makala opanda chiphaso munthu akhoza kukhala zaka kundende, galimoto yonyamula n'kulandidwa. Koma amene amatumiza malole usiku simuwaona pakhoti kawirikawiri.

Nachisale_36
Nanga mitengo ija inagwetsedwa mu 2021 pokuza msewu wa Kenyatta? Tinkadutsa mumthunzi kuchokera ku City Centre, lero ndi dzuwa lokhalokha. Mayi wa kumudzi akaona zimenezija, umuuza bwanji kuti m'bawa wake umodzi ndi wotetezedwa?

Mphunzitsi_Nathenje
Abale, tasochera. Mnzathuyu ali ndi mlandu Loweruka, za Kenyatta sizimuthandiza pabwalo.

Ine ndifotokoze zimene tinachita kwathu, mwina zingathandize mudzi wawo mlanduwu ukatha. Tinali ndi mikangano yotere chaka ndi chaka, makamaka nthawi yomanga zigafa za fodya, aliyense akufuna mphanda ndi milimo. Tinakhala pansi mudzi wonse masiku awiri, ine ndinali mlembi. Tinagwirizana kuti mtengo wa zipatso zakutchire, monga msuku, muula ndi mpoza, sudulidwa paliponse pamene uli. Msangu wa m'munda sudulidwa, poti umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndipo chimanga cha pansi pake chimachita bwino ngati wathira manyowa. M'mphepete mwa mtsinje ndi pa chitsime palibe kugwetsa mtengo. Kusenda makungwa kuzungulira thunthu kapena kusonkha moto patsinde kuti mtengo uume n'kudzati ndatola nkhuni zouma, tinati ndi mlandu wofanana ndi kudula. M'nkhalango ya mudzi amayi amalowa Lachitatu ndi Loweruka kukatola zouma, osatenga nkhwangwa. Wofuna mphanda amapempha kwa komiti, amamulozera mtengo woti adule, ndipo dzina lake limalembedwa m'kaundula.

Pepalalo anasaina anyakwawa, agulupu, a T/A ndi a za nkhalango. Chimene chinasintha zinthu si kukula kwa chindapusa ayi, koma kuti malamulowo anawerengedwa pamaso pa aliyense, ndipo woyamba kulipira anali mphwake wa anyakwawa amene. Kuyambira tsiku limenelo palibe ananenanso kuti komiti imakondera.

FodyaNdiMoyo
Aphunzitsi, zonsezo n'zabwino, koma chigafa chimafuna mitengo chaka chilichonse chifukwa cha chiswe. Mukatiletsa kutchire mutipatse kwina.

Mphunzitsi_Nathenje
Bzalani kesha ndi nsungwi m'malire a munda. Kesha mukadula amaphukiranso, ndipo pakatha zaka zochepa simudzapemphanso mphanda kwa munthu. Ena kwathu anabzala mitengo m'mizere pamalo pomwe pamakhala chigafa, mitengo yamoyoyo ndiyo mphanda zake, chiswe sichiigwetsa.

GogoWaPaNsundwe
Inu mukunena za mapepala. Tayendani pa msewu wa ku Mchinji muyang'ane uku ndi uku. Paliponse pamene muone mitengo yachilengedwe yathithikana pakati pa minda yoyera, pamenepo ndi pamanda. Palibe chikalata cha boma, palibe mlonda, koma palibe amene amalowamo ndi nkhwangwa. Nkhuni za mmenemo zimatuluka pa maliro pokha, adzukulu atauzidwa ndi mfumu. Ndi kudambwe, kwa eni ake a Gule. Makolo anadziwa kuteteza mitengo kalekale lamulo la 1997 lisanalembedwe. Chimene chatha ndi mantha ndi ulemu, osati nzeru.

MayiWaKomiti
Agogo mwanena zoona, koma masiku ano ngakhale kumanda anthu ayamba kumadula m'mbalimbali usiku. Kwathu tinachita kuikamo ming'oma ya njuchi. Pano uchi tikugulitsa, ndipo wakuba amaganiza kawiri asanalowe.

Chisale_Area25
Pepani ndilowetse yanga pang'ono poti akatswiri muli pompano. Aneba anga ali ndi bulugamu wamtali pafupi ndi mpanda, nthambi yaikulu ili pamwamba pa denga langa ndipo mbali ina yayandikira mawaya a magetsi. Mphepo ikamaomba usiku sitigona. Ndawauza kawiri akungoti tiona. Ndingadule ndekha mbali imene yalowa kwanga?

MlangiziWopuma
A Chisale, musakwere. Mtengo uli pafupi ndi mawaya sukhudzidwa mpaka a ESCOM atabwera kudzathimitsa magetsi, nthambi yaiwisi imagwira moto wa magetsi ndipo anthu afa nazo zimenezi. Komanso mtengowo ndi wa aneba, mukaudula osagwirizana mlandu utembenukira inu. Pitani kwa mfumu ya dera lanu mukhale pansi atatu, zikakanika kadandauleni kukhonsolo ya mzinda. Jambulani zithunzi lero lomwe.

Tsiku lodula likafika, pezani anthu odziwa. Nthambi yaikulu amayamba aitema pang'ono kunsi kwake, kenaka n'kumalizira pamwamba, kuti pogwa isang'ambe khungwa mpaka kuthunthu. Yomwe ili pamwamba pa denga amaimanga chingwe n'kuitsitsa zidutswazidutswa. Ngati mukugwetsa mtengo wonse, mumatema kakamwa mbali imene mukufuna ugwere, n'kudzacheka kumbuyo pamwamba pang'ono pa kakamwako, anthu okoka chingwe ataima kutali kuposa kutalika kwa mtengowo. Ana onse achoke, ndipo kukakhala mphepo ntchito iimikidwe.

Mmisiri_Mchesi
Pamenepa ndiye tagwirizana a Mlangizi. Mnyamata wina amene ndinkagula naye matabwa anathyoka msana chifukwa chodula mtengo wopendekeka ali yekha. Thunthu linang'ambika pakati n'kumumenya. Lero amayenda ndi ndodo ziwiri.

MwanaWaKuMitundu
Ndabwerako kumudzi, ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinafika Lachisanu madzulo n'kupita kaye kumunda. Chitsa chake ndi chachikulu moti ine ndi mlongo wanga tinakhalapo awiri malo n'kutsala. Utuchi wofiira uli mbwee pa mizere, fungo lake likadalipo. Winawo anali atauyamba kale, pali bala lolowa ngati chikhatho changa mbali ya kumadzulo. Amayi anamatapo dothi lonyowa n'kumanga ndi chiguduli ngati akumanga chilonda cha mwana.

Pabwalo anthu anadzaza. Mlangizi wa za nkhalango anabwera. Anyamata a makina aja atafunsidwa mapepala analibe ngakhale limodzi, ndiye nkhani yawo ndi makina awo yapita kuboma, anyakwawa anati imeneyo si ya pabwalo pawo. Ndinapempha kuti atiwerengere malamulo a mudzi monga munandiuzira. Mlembi anatulutsa kope lachikuto chong'ambika, ndipo munalidi mzere wonena kuti m'bawa, mlombwa ndi msangu sizidulidwa popanda kuuza komiti, ngakhale m'munda. Pansi pake panali zidindo za zala za anthu a m'mudzi, china cha amayi anga.

Kenaka amalume anaimirira. Ine ndinapita ndili ndi ukali, koma zimene ananena zinandifooketsa. Mwana wawo wamkazi anasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko ndipo anatsala masiku ochepa kuti malo ake atayike. Anati anachita manyazi kupempha alongo awo poti chaka chatha anawabwereka kale matumba awiri a chimanga osabweza. Amayi analira. Anati, achimwene, mukanandiuza bwenzi titagulitsa mbuzi, mtengo wa bambo ukanakhala chilili.

Chigamulo ndi chakuti mitengo ndi ya amayi. Amalume alipira mbuzi imodzi kumudzi ndi nkhuku yopepesera alongo awo, ndipo abzala mibawa makumi awiri nyengo yobzala mitengo ikayamba pa 15 Disembala, n'kuisamala mpaka itagwira. Zipika zikhala kwa anyakwawa kudikira kuti a za nkhalango anene zochita nazo.

Kabaza_Chinsapo
Ndinanena ine kuti pali mbuzi.

MayiWaKomiti
Mbuziyo sadya a komiti, a Kabaza. Kwathu imagulitsidwa, ndalama n'kugulira machubu a nazale ndi makeni othirira, ndipo msungichuma amawerenga pamsonkhano. A ku Mitundu, kafunseni kuti yanuyo ilembedwe m'kope momwemo.

Nachisale_36
Nanga mtsikanayo sukulu zitha bwanji? Asavutike ndi mwana chifukwa cha zolakwa za akuluakulu.

MwanaWaKuMitundu
Wapita Lolemba, achemwali. Ndalama imene analandira amalume inali italipiridwa kale kusukulu, yotsala tasonkherana ine ndi alongo anga awiri. Amayi anena kuti ngati boma lilola kuti zipikazo zichekedwe, matabwa ena agulitsidwe pa mtengo wake weniweni kuti alipirire teremu yachiwiri, koma awiri awasungire chitseko cha nyumba yawo.

Mmisiri_Mchesi
Zikatero mundiuze pompano, chitsekocho ndidzapanga ine osalipiritsa. Koma matabwawo musawaimike padzuwa. Agonekeni pamthunzi, pakati pa thabwa ndi thabwa muike timitengo kuti mphepo izidutsa, pamwamba mutsindike ndi miyala, apo ayi apindika.

FodyaNdiMoyo
Mibawa makumi awiri, ikagwira isanu mudzandiuze. Mbuzi za m'chilimwe sizisiya kanthu.

MlangiziWopuma
A Fodya akunena zoona, n'chifukwa chake chigamulo chati mpaka itagwira. Mbande iliyonse itchingidwe ndi minga kapena nsungwi zoluka, ndipo chilimwe choyamba izithiriridwa. Musaibzale mothithikana pakati pa munda, ikani m'malire ndi kumunsi kumene kumakhala chinyontho, poti m'bawa umakonda m'mbali mwa madzi.

Mbewu musakagule kutali. Mtengo watsalawo ndi umene ukupatseni. Zipatso zake ndi zolimba ngati timipira, zikakhwima zimasweka zokha n'kutulutsa njere zopyapyala zouluka ndi mphepo. Tolani zongogwa kumene ndipo mufese msanga, chifukwa njere za m'bawa zikakhalitsa sizimera. Za bala lija, chotsani chiguduli chisasunge chinyezi n'kuyambitsa kuola. Ngati khungwa lili lamoyo mbali zinazo, mtengowo udzitsekera wokha pang'onopang'ono. Chitsa cha winawo musachitenthe.

MwanaWaKuMitundu
Ndawaimbira amayi ndawauza za chiguduli, akuti achotsa mawa m'mawa. Njere akuti anayamba kale kutola, zili m'lichero pakhonde. Amalume abwera Lachinayi ndi wilibala ya dothi la kudambo kuti ayambe kuthira m'machubu, nazale aika kuseri kwa khola la amayi pafupi ndi chitsime.